Kodi Tikamaseka Timaseka Yani?

Ndili mwana, pamsika wakwathu panali kanyumba koonetsera kanema. Tinkathithikana pamabenchi, thukuta kamukamu, maso ali pakabokosi. Mmenemo ndi momwe ndinaonera There's a Zulu on My Stoep, kanema wa Leon Schuster wa m'chaka cha 1993, momwe mzungu amadzipaka kuti aoneke wakuda, mnzake wakuda n'kusanduka mzungu. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. M'chaka cha 2020 kampani ya Showmax inachotsa ena mwa akanema a Schuster chifukwa cha kudzipaka kumeneku. Nditamva, ndinadzifunsa funso lomwe silinandifikepo ndili pabenchi paja: kodi tinkaseka tsankho, kapena tinkadziseka tokha anthu akuda?

Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti sewero la nthabwala zodzudzula tsankho ndi lofunika, koma mlembi wake alibe mphamvu pa chiseko cha oonera. Iye amakonza nthabwala, koma woseka ndiye amasankha womuseka. Choncho udindo sumathera kwa mlembi.

Chitsanzo chabwino ndi All in the Family, sewero lomwe linayamba kuonetsedwa pa kanema wa CBS ku America pa 12 Januwale 1971, lokonzedwa ndi Norman Lear. Mwininkhani ndi Archie Bunker, bambo wachizungu wa ku Queens mumzinda wa New York, wosapita patali ndi sukulu, wonyoza anthu akuda, Ayuda ndi aliyense wosafanana naye. M'nyumba mwake mukukhala mwana wake Gloria pamodzi ndi mwamuna wake Mike, wophunzira wapakoleji wa maganizo atsopano. Ife tingati Mike ndi mkamwini, ndipo ndi mkamwini wovuta: amadya za apongozi ake, sagwira ntchito, koma tsiku lililonse amawatsutsa pankhani za khungu, ufulu wa amayi ndi nkhondo ya ku Vietnam. Kwa Mike, apongozi ake ndi tsabola wakale wosawawa. Kwa Archie, mkamwiniyo ndi mwana wamwano wosadziwa mtengo wa chakudya chomwe akudya. Seweroli linali patsogolo pa onse ku America kwa zaka zisanu zotsatizana.

Cholinga cha Lear chinali choti anthu aone uchitsiru wa tsankho pouseka. Koma m'chaka cha 1974 akatswiri awiri, Neil Vidmar ndi Milton Rokeach, anasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe anachita pakati pa achinyamata a ku America ndi akuluakulu a ku Canada. Anapeza kuti oonera opanda tsankho kwenikweni ankaona Archie ngati chitsiru, monga momwe mlembi ankafunira. Koma ambiri mwa oonera atsankho ankamusirira, ankamuona ngati munthu wonena zoona mosapsatira, ndipo ankakhulupirira kuti iye ndiye amapambana mkangano. Sewero linali limodzi, koma anthu ankaonera masewero awiri.

Zimenezi sizinayambire ku America. Lear anatengera sewero la ku Britain la Till Death Us Do Part, lolembedwa ndi Johnny Speight, lomwe BBC inaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Yemwe ankasewera ngati Alf Garnett, nkhalamba yodana ndi obwera, anali Warren Mitchell, Myuda yemwe maganizo ake anali otsutsana kotheratu ndi a Garnett. Mitchell ankafotokoza kuti anthu ena ankamuimitsa panjira n'kumuthokoza chifukwa chonyoza anthu akuda, osazindikira kuti wonyozedwa m'seweromo anali iwo omwe.

Ngakhale wanthabwala wakuda sapulumuka ku msampha umenewu. M'chaka cha 2005, Dave Chappelle anasiya pulogalamu yake ya Chappelle's Show, pamodzi ndi mgwirizano wa madola 50 miliyoni, n'kupita ku South Africa. Pambuyo pake anafotokoza kuti tsiku lina akujambula kasewero komwe anadzipaka nkhope ngati azisudzo akale onyoza anthu akuda, mzungu wina mwa ogwira ntchito anaseka mwa njira yomwe inamuzizira m'nkhongono. Anaona kuti munthuyo sakuseka naye, koma akumuseka iye.

N'chifukwa chiyani zimatero? Poyamba, sewero la mlungu ndi mlungu silingakhale ndi mwininkhani wodedwa ndi aliyense, chifukwa anthu angatseke kanema. Motero Carroll O'Connor anamupatsa Archie umunthu: amatopa kuntchito, amakonda mkazi wake Edith ngakhale amamukalipira, amaopa kuti dziko lomwe analidziwa likumuthawa. Umunthu umenewu ndi womwe unakometsa sewero, komanso ndi womwe unapatsa atsankho munthu womukonda. Chachiwiri, mlembi woona mtima sangasiye achinyamata osawakhudza. Mike nayenso ndi wodzimva, ndipo ufulu wa amayi womwe amalalikira umamuvuta ukafika kwa mkazi wake. Mkulu woonera amaseka mkamwini, mnyamata amaseka apongozi, aliyense n'kukagona akuganiza kuti wapambana. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu.

Ena anganene kuti ngati zili choncho, masewero otere angoletsedwa. Ine sindikuvomereza. All in the Family inafikitsa nkhani ya tsankho pabalaza, pomwe makolo ndi ana ankaipewa. M'chaka cha 1972, m'gawo lina lotchuka, woimba wakuda Sammy Davis Jr. anapsompsona Archie patsaya pomwe ankajambulidwa chithunzi, ndipo nkhope yomwe Archie anaonetsa inaphunzitsa zomwe ulaliki wautali sukanaphunzitsa. Kuletsa nthabwala sikuchotsa tsankho, kumangolitsekera m'chipinda.

Chomwe tiyenera kuyang'ana ndi komwe chiseko chalunjika. Ife Achewa izi si zachilendo. M'gule wamkulu muli Simoni, wankhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Makolo athu ankaseka munthu yemwe anali ndi mfuti, msonkho ndi boma, ndipo chiseko chinali chida cha wopanda mphamvu. Koma mzungu akadzipaka n'kumayankhula mopotoza ngati munthu wakuda, m'dziko lomwe akuda anaponderezedwa ndi lamulo mpaka 1994, chiseko chimatsikira kwa yemwe ali pansi kale. N'kutheka kuti Schuster ankafuna kuyanjanitsa mitundu, pakuti atsankho a m'kanema uja ndiwo amachititsidwa manyazi pamapeto. Koma pabenchi paja ife sitinkadikira mapeto. Tinkaseka milomo, kayendedwe ndi kayankhulidwe.

Pomaliza, funsoli silikukhudza America ndi South Africa kokha. Pazisudzo zathu timaseka munthu akamatsanzira Chichewa cha Msena, Mtumbuka, Myao kapena mwenye wa m'sitolo. Timaseka gogo wakumudzi yemwe wasokonezeka m'tauni. Nthawi zina nthabwala zotere zimadzudzuladi wam'tauni wodzikweza, koma nthawi zambiri chilankhulo cha munthuyo ndicho nthabwala yonse. Ife amene tikuphunzira za zilankhulo tikudziwa kuti palibe kalankhulidwe koseketsa mwachibadwa, koma anthu ndiwo amasankha koseka. Sindikunena kuti tileke kuseka ayi. Kanema uja nditamuoneranso ndili wamkulu, malo ena ndinasekabe. Koma malo ena ndinakhala chete, chifukwa ndinazindikira kuti yemwe ankasekedwa anali wofanana ndi agogo anga.