Tisanyoze feteleza, tikonze nkhoswe yake

Mkangano wa feteleza wayamba kutopetsa. Ena akuti feteleza wa m'thumba akuwononga nthaka ndi nyengo, choncho timutaye tibwerere ku manyowa. Ena akungolira mtengo. Koma ndi angati afunsapo kuti thumba la Urea limapangidwa bwanji? Maganizo anga ndi awa: feteleza tikumufunabe, ndipo chofunika kukonza ndi kapangidwe kake, kuyambira pa kanthu kotchedwa catalyst.

Catalyst ali ngati nkhoswe. Amakumanitsa awiri amene paokha sakanagwirizana, ukwati nkumangika, iye nkubwerera kwawo ali yemweyo. Mumpweya tikupumawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, chakudya chenicheni cha chimanga, koma ndi wamakani: salola kulumikizana ndi chinthu china. Mu 1909, Fritz Haber wa ku Germany anamukwatitsa ndi haidirojeni nkupanga amoniya, nkhoswe yake ili osmium, chitsulo chosowa kwambiri. Alwin Mittasch wa kampani ya BASF anayesa zinthu zikwizikwi mpaka anapeza kuti chitsulo wamba, akachisakaniza ndi tizinthu tina pang'ono, chimagwira ntchitoyo. Fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Urea amene timabereketsera chimanga chikafika m'mawondo, wa nayitirojeni 46 pa 100, amachokera ku amoniya ameneyu. Akatswiri amati pafupifupi theka la anthu padziko lapansi amadya chakudya cholimidwa ndi nayitirojeni wopangidwa motere.

Vuto nlakuti chitsulocho chimafuna ng'anjo yotentha madigiri 400 mpaka 500 ndiponso mpweya wopanikizidwa koopsa. Apa mpamene ma catalyst atsopano akuthandiza, ndipo ali kale pamsika. Mu 1992 fakitale ya ku Kitimat, ku Canada, inayamba kugwiritsa ntchito ruthenium, amene amalola kupanga amoniya mpweya usanapanikizidwe kwambiri chotero. Kampani ya Clariant imagulitsa AmoMax, wochokera ku mtundu wa chitsulo wotchedwa wustite, amene amayamba ntchito kutentha kusanakwere kwambiri. Ku Japan, Tsubame BHB, yokhazikitsidwa mu 2017, ikupanga timafakitale ting'onoting'ono toti nkumangidwa pafupi ndi wogula. Kwa dziko lathu lopanda doko, limene feteleza wake amakwera malole ndi sitima kuchokera ku Beira ndi Nacala, nkhani imeneyi si yoyiphonya.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo. Kupanga amoniya kumadya gawo limodzi kapena awiri pa 100 a mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito, ndipo zambiri zimathera pochotsa haidirojeni mu gasi, osati pa ukwati uja. Ruthenium ndi wodula, wambiri amakumbidwa ku South Africa. Komanso mtengo wa thumba kuno umatsatira kusowa kwa ndalama zakunja. Zonsezo nzoona, koma zikungosonyeza kuti pokonza mpambiri. Sizikusonyeza kuti titseke mafakitale.

Amene akufuna kutseka afunse ku Sri Lanka. Mu Epulo 2021 boma la kumeneko linaletsa feteleza wa m'thumba. Chaka chisanathe linabweza lamulolo, ndipo zokolola za mpunga zinatsika. Ngakhale manyowa a Mbeya amene timawatamawa, taonani mmene mayi amawakonzera pakhomo: ndowe, madeya, phulusa, madzi, kenako amathiramo feteleza wogula uja asanamange thumba kuti liwole masabata atatu. Manyowa amasamala nthaka, inde, koma nkhuku zisanu ndi mbuzi ziwiri sizingadyetse ekala ya chimanga.

Choncho manyowa tipange, nyemba ndi nandolo tibzale. Koma wonyoza feteleza atiuze kaye chimene ana adye mwezi wa Febuluwale. Kufikira atayankha, nzeru ndi ndalama zipite kokonza nkhoswe.