MSONKHO WA NYUMBA ZA MALONDA: KUCHEDWA KUDYA MWINI

Munthu wodutsa pa Ntcheu pa mseu waukulu wa M1 aona nyumba za malonda zikuphuka ngati bowa wa m'dzinja. Ndalama za mbatata ya ku Tsangano ndi za kabichi wa pa Lizulu zasanduka masitolo, zigayo ndi nyumba zogona alendo, ndipo ena a amalonda amenewa afika pomanganso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ichi nchokondweretsa. Komatu nyumba ya malonda idza ndi mangawa ake, ndipo woiwala mangawawo adzalira tsiku lina.

Lamulo la Maboma Aang'ono la chaka cha 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yokhometsa msonkho pa nyumba ndi malo m'madera amene Boma lawalengeza kuti ngokhoma msonkho wotere. Linanenanso za wochedwa. Pakapita masiku 60 msonkho usanaperekedwe, khonsolo iwonjezapo chilango cha 4 pa 100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Tsono wokhala ndi ngongole ya K100,000 aonjezeredwa K4,000 pa mwezi, ndiyo K48,000 pa chaka. Ndalama zimenezo sizigula katundu wa m'sitolo, sizilipira mwana sukulu, zingotayika chabe.

Choopsa koposa chili patsogolo. Ngongole ikagona zaka zitatu, khonsolo ilengeza dzina la mwini nyumba m'Gazeti ya Boma ndi m'nyuzipepala, nimpatsa masiku 30. Akapanda kulipira, khonsolo ipita ku bwalo la milandu kuti ilande nyumbayo ndi kuigulitsa pa okushoni. Motero nyumba imene munthu anaimanga ndi thukuta la zaka makumi awiri ingathe kupita kwa mlendo m'mawa umodzi.

Kuvutika sikugwera mwini yekha. Makhonsolo a Blantyre ndi Lilongwe akhala akutseka ndi maloko nyumba za anthu angongole, ndipo pamenepo alira ndi wobwereka sitolo amene analipira lendi yake mokhulupirika, pamodzi ndi antchito ake. Mwini akamwalira ngongole siimtsata ku manda. Itsala pa nyumba, nkudikira mkazi wamasiye ndi ana. Akulu anati mlandu suwola.

Ena adandaula kuti zinyalala zili mbwee pa msika, ngalande zatsekeka, nanga alipiriranji? Dandaulo limeneli nlomveka, ndipo khonsolo yolandira ndalama za anthu iyenera kuonetsa poyera ntchito imene zagwira. Koma kukana kulipira sikusesa msika. Amene ali ndi lisiti m'dzanja ndiye ali ndi mau amphamvu pofunsa khansala wa dera lake, pamene wangongole angoyang'ana pansi.

Wamalonda wa pa Ntcheu achita bwino kuwerengera msonkho wa nyumba pamodzi ndi chiphaso cha malonda ndi lendi ya malo ya ku Unduna wa za Malo, napatula pang'ono mwezi uliwonse, makamaka pa nyengo yokolola pamene ndalama zili kuyenda. Amene watsalira kale m'mbuyo asabise kalata ya khonsolo pansi pa mphasa. Apite yekha ku ofesi, akafunse kuchuluka kwa ngongole yake, napemphe kulipira pang'onopang'ono dzina lake lisanatuluke m'Gazeti.