Musanagule galimoto yokokera boti, yambani mwaona doko

Chichokereni madzi osefukira a mu Januwale 2015, omwe anasiya anthu a ku Makhanga pachilumba, nkhani ya maboti yakula kuno kuchigwa cha Shire. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anangotsimikiza zomwe tinkazidziwa kale, zoti mudzi wopanda choyandama pamadzi umadikira chifundo cha ena. Masiku ano ndikumva magulu a asodzi ndi a banki mkhonde akukambirana zokhala ndi boti lawolawo, lokulirapo kuposa bwato wosema womwe anzathu olankhula Chisena amautcha mwadiya.

Ena maso awo ali pa maboti ang'onoang'ono a thanga, oyenda ndi mphepo, poti mafuta akwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa. Ganizoli lili ndi mutu. Shire amatsikira kummwera, pomwe mphepo ya mwera imachokera kummwera komweko. Choncho m'miyezi yozizira thanga litha kukukankhani pokwera mtsinje, madzi n'kudzakubwezani potsika.

Koma boti silimera m'madzi ngati namasupuni. Amisiri ambiri a maboti ali kunyanja, uko ku Mangochi ndi ku Salima, ndiye boti liyenera kuyenda pamtunda kuti lifike kuno. Likafika, lizifunikabe kulichotsa padoko mvula ikamayandikira, kapena kulisamutsira tsidya lina kotsatira nsomba. Gulu lina la asodzi a kufupi ndi sukulu yomwe ndimaphunzitsa linandifunsa kuti: "Aphunzitsi, tigule galimoto yanji yoti izitikokera boti?" Yankho langa likhale la awerengi onse. Galimoto imasankhidwa poona malo oipitsitsa a ulendo wanu, ndipo kuno malo otere ndi awiri: chitsikiro cha phiri la Chikwawa ndi matope a padoko.

Vutoli ndi lakale. Mu 1861, David Livingstone atafuna kukafika kunyanja ndi boti laling'ono, mathithi a Shire oyambira ku Kapichira anamutsekera njira, ndipo botilo linachita kusenzedwa ndi anthu mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Mu 1875, sitima yoyamba ya Ilala, yomwe anabwera nayo E.D. Young ndi Robert Laws, anaimasula zidutswazidutswa, amuna mazanamazana n'kuisenza pamutu mtunda woposa makilomita 60. Anakailumikizanso kumtunda, ndipo inalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Anthu amenewo anayamba aona njira, kenaka n'kupeza chonyamulira choyenera njirayo. Ifenso tiyambire pomwepo.

Choyamba, dziwani kulemera kwa katundu yense. Ambiri amangofunsa kulemera kwa boti, kuiwala kuti galimoto imakokanso ngolo yachitsulo yomwe botilo lakhalapo, ija timati thirela. Tiyerekeze kuti boti lanu ndi la makilogalamu 300 ndipo thirela ndi ya 200. Onjezerani mlongoti, thanga, nkhafi ndi nangula, tinene 60. Ikaniponso kainjini ka 35, chigubu cha mafuta cha 20 ndi maukonde a 50. Mwafika kale pa 665. Boti la matabwa likakhalitsa m'madzi limamwa madzi n'kulemera kuposa tsiku lomwe linachoka kwa mmisiri. Kumbukiraninso za m'kalasi: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Zidebe zisanu za malita 20 za madzi a mvula zotsalira m'boti ndi makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga okwera ulere. Kapani madzi onse musananyamuke.

Nambala yoti muisunge pamtima ndi 750. Thirela yopanda mabuleki akeake siyenera kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, ndipo pa galimoto yaing'ono malire amatsikiranso pansi pa apo. Malire a galimoto iliyonse amalembedwa m'buku lake. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi imakoka chilichonse", mupempheni akuonetseni pomwe palembedwa. Kaonaninso ndi a ofesi ya Road Traffic za mapepala a thirela ndi mtundu wa laisensi ya woyendetsa, chifukwa thirela yolemera ili ndi malamulo ake. Safunsa anadya phula.

Tsopano tibwere paphiri. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ali pa mamita ngati 100 okha. Kutsika konseko kumachitika pa msewu wokhotakhota wa M1 musanafike pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu. Pokwera phiri galimoto imakoka boti, koma potsika boti ndiye limakankha galimoto. Dalaivala akangodalira kuponda buleki, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira, ndipo thirela imatha kupinda galimoto pakona ngati mpeni wam'thumba. Galimoto yoyenera ikhale yolemera kwambiri kuposa chomwe ikukoka, komanso ikhale ndi giya yotsika yoti injini izithandiza kugwira liwiro. Mutsike ndi giya yomwe mukanakwera nayo.

Kapakiridwe nakonso n'kofunika. Kutsogolo kwa thirela kuzilemera pang'ono, kuti pa mbedza yokokera pazitsamira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a katundu yense, kapena kucheperako pang'ono. Katundu akachuluka kumbuyo, thirela imayamba kugwedeza mchira mukathamanga, ndipo kuigwira kumavuta. Mlongoti muugonetse n'kuumanga bwino, kunsonga kwake mumangeko kansalu kofiira. Musayendetse boti pamtunda mlongoti uli chiimire, ngakhale kamtunda kakafupi, chifukwa mawaya a magetsi sakhululuka.

Malo achiwiri ndi padoko. Kuchoka pa tala kupita kumtsinje, kaya ndi m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, kaya pa Mtayamoyo kufupi ndi Bangula, kaya kumadoko a ku Nsanje, simupeza chitsikiro cha simenti. Mupeza mchenga, matope ndi mabango. Madera monga a ku Ngabu ali ndi dothi lakuda la makande, lomwe m'chilimwe limang'ambika ngati mbale yosweka, koma mvula ikangogwa kamodzi limasanduka phala lokakamira kumatayala. Galimoto ikatitimira m'mphepete mwa Shire, anthu amalowa m'madzi kukakankha, ndipo tonse tikudziwa mwini wake wa madzi amenewo. Ng'ona imakonda anthu ochedwa pagombe.

Tiyeni tione magalimoto omwe timawapeza. Oyamba ndi ang'onoang'ono ochokera ku Japan, monga Sienta, Probox ndi Fit. Ndi abwino pa ntchito yomwe anawapangira: samwa mafuta ambiri ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma ambiri amakoka ndi matayala akutsogolo. Mukamatulutsa boti m'madzi pa chikweza, kulemera kumathawira kumbuyo, matayala akutsogolo n'kumangozungulira pamalo amodzi. Ambiri ndi osintha okha magiya, ndipo giyabokosi yotere imatentha msanga ikamakoka katundu m'dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pomwe kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Amakhalanso ofupika pansi. Chinanso, amabwera opanda mbedza yokokera, ndiye ena amathamangira kwa wowotcherera kuti amate chitsulo kubampala. Mbedza iyenera kumangidwa ndi mabawuti pa malo olimba a thunthu la galimoto, ndipo pakhale tcheni chothandizira ngati mbedzayo italeka. Galimoto yotere ingakoke kaboti kopepuka kwambiri pa tala, nyengo youma, basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Achiwiri ndi mapikiapu monga Hilux, Isuzu ndi Land Cruiser. Awa ali ndi chasisi yolimba, ndi aatali pansi, ndipo ambiri analoledwa kukoka matani awiri kapena kuposerapo ngati thirela ili ndi mabuleki. Wokoka ndi matayala onse anayi, wokhala ndi giya ija yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono, ndiye mfumu ya padoko. Wokoka ndi matayala akumbuyo okha amaterereka ngati kumbuyoko kulibe kanthu, koma matumba angapo a mchenga amathandiza. Vuto la pikiapu ndi thumba. Mtengo wogulira, matayala, inshuwalansi, dizilo ndi makaniko zingameze phindu lonse la nsomba za chaka. Mukagula yakale, yang'anitsitsani rediyeta, kilachi ndi mabuleki. Penti ndi wailesi zibwere pambuyo.

Yachitatu ndi lole yaing'ono ya matani awiri kapena atatu, monga Canter kapena Dyna. Pa ulendo umodzi wochotsa boti kunyanja kubwera nalo kuno, iyi ndiye ndingaisankhe, ndipo ndi yobwereka, osati yogula. Boti likhale pa matayala akale kuti lisang'ambike ndi mabampu, limangidwe ndi malamba anayi, ndipo muyese kutalika kwa boti ndi kwa lole musanalipire. Mukatero thirela simuifunanso, ndipo mantha a paphiri achepa.

Yachinayi ndi thirakitala. M'dera la mzimbe ngati la ku Nchalo tonse taona zomwe thirakitala imachita m'matope. Pa makande palibe choiposa. Imachedwa pa msewu ndipo kuigula n'kosatheka kwa ambiri a ife, koma kuibwereka kawiri pachaka n'kotheka.

Yachisanu ndi yomwe ambiri amaiseka: ngolo ya ng'ombe. Chigwa chino ndi khola la dziko lino, ndipo ng'ombe zapagoli sizisowa. Sizidikira pamzere wa mafuta, siziopa madzi ofika m'mawondo, ndipo zikakanika mumamasula n'kuwonjezera zina ziwiri. Pa mtunda wa makilomita atatu kapena asanu, kuchoka kumudzi kupita padoko, ngolo imagwira ntchito yomwe galimoto yaing'ono ingalephere. Ili ndi malire ake. Ilibe mabuleki, choncho potsikira kumtsinje pakhale anthu ogwira chingwe kumbuyo. Ng'ombe zigwire ntchito m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Boti likhale pakatikati kuti goli lisapsinje kapena kunyamula makosi a ng'ombe. Ndipo ngolo isayende usiku pa M1 popanda zonyezimira.

Za njinga yamoto ndingonena mwachidule: ayi. Anyamata athu a kabaza amanyamula mbuzi, malata ndi mabedi, koma njinga yokoka boti siingaime pomwe mwini wake wafuna.

Kwa omwe agwiritse ntchito thirela, pali kachinthu kena komwe kamaiwalika. Mukafika padoko mutayenda mtunda wautali, dikirani kaye kuti mabering'i a matayala a thirela azizire musanailowetse m'madzi. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimayamwa madzi ndi mchenga, girizi n'kuwonongeka, ndipo tayala limadzakutayani pakati pa ulendo wina. Matayala akumbuyo a galimoto asalowe m'madzi akuya, ndipo muike mwala kapena chipika kuseri kwa tayala musanatsike.

Ndiye gulu lija la asodzi ndinaliuza chiyani? Ndinati agawe ulendo pawiri. Ulendo wautali wochokera kunyanja ndi wa tsiku limodzi, abwereke lole. Maulendo aafupi a pakati pa mudzi ndi doko apangane ndi mwini ngolo, ndipo nthawi ya matope aakulu abwereke thirakitala. Pikiapu agule pokhapokha ngati ili ndi ntchito ina ya tsiku ndi tsiku, monga kutengera nsomba, mbatata kapena thonje kumsika, yoti izidzilipira yokha. Galimoto yogulira kukoka boti kanayi pachaka idzangokhala pansi pa mtengo wa nimu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ngongole ya banki mkhonde ikubereka.

Ndalama zomwe zapulumuka pamenepo zigule majekete oyandamitsa okwanira aliyense wokwera, chingwe chachitali, tochi ndi nkhafi zapadera. Boti la thanga limafunanso munthu wodziwa kuliyendetsa, chifukwa mphepo yadzidzidzi imaligubuduza, ndipo pa Shire pali mvuu ndi milu ya mchenga yobisika. Kulipira msodzi wa kunyanja kuti adzaphunzitse anyamata anu kwa sabata ziwiri kuli ndi phindu kuposa matayala anayi atsopano.

Pomaliza, tikumbuke zomwe namondwe wa Ana anatiphunzitsa mu Januwale 2022, pomwe madzi anadula msewu wa M1 malo angapo n'kuwononga damu la magetsi la Kapichira. Msewu ukaduka, Land Cruiser ndi Probox zimafanana, zonse zimaima tsidya lina. Boti loti lidzapulumutse anthu liyenera kukhala litafika kale pamalo okwera, kufupi ndi midzi yomwe imazingidwa ndi madzi, mvula isanayambe. Mafumu ndi makomiti a za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi akambirane tsopano komwe boti lizikhala, yemwe azisunga nkhafi, ndi ngolo ya yani yomwe idzalitsitsire kumadzi. Litengeni mu Okutobala njira zili zouma, pomwe ngakhale ng'ombe ziwiri zingalifikitse.