Injini Yotopa Siyenera Kutayidwa

Kuseri kwa magalaja ambiri kuli magalimoto akale amene anaima kalekale, ndipo nkhuku ziikira mazira m'kati mwao. Ena mwa iwo ndi a mtundu wa Land Rover. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa m'caka ca 1948 ku Solihull, m'dziko la England. Popeza citsulo cinali cosowa itatha Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, thupi lace analipanga ndi aluminiyamu, amene sacita dzimbiri. Cifukwa cace thupi likhala zaka zambiri, koma injini itopa. Pamenepo ena ati, "Yafa iyi, igulitseni kwa ogula zitsulo." Ife titi iai. Injini yotopa iyenera kumangidwanso.

Tiyeni tione cimene cicitika m'kati. Injini ya petulo ya malita 2.25, imene inayamba kuikidwa mu Land Rover m'caka ca 1958, iri ndi masilinda 4. Silinda ndi ciboo cosalala, ndipo m'menemo pisitoni ikwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Pisitoni iri yonse ibvala mphete zotseka mpata. Pakapita zaka, mphetezo ndi khoma la silinda ziperepeseka. Oilo akwera pamwamba napsa pamodzi ndi petulo, utsi wabuluu utuluka kumbuyo, ndipo galimoto ilephera kukwera citunda. Pansi pa mapisitoni pali mtanda wozungulira wochedwa kirankishafuti. Mabeling'i ace akatha, injini igogoda ngati mlendo pa citseko.

Matenda onsewa ali ndi mankhwala ace. Makanika amasula injini, natsuka ziwalo zonse, napima ciri conse. Cipangizo cochedwa maikulomita ciona kusiyana kocepa koposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Silinda ikatha, aikuza pang'ono pa makina naikamo pisitoni yokulirapo. Kirankishafuti aisalaza, naipatsa mabeling'i atsopano. Mavavu awanola kuti atseke bwino. Pomanga mutu wa injini, mabauti awamanga motsata dongosolo ndi pa muyeso wace, kuti gasiketi isatulutse madzi. Akatha, ayendetsa galimoto modekha makilomita mazana angapo, nasintha oilo. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Nzoona kuti nchito iyi idya ndalama ndi miyezi, ndiponso injini yakale imwa petulo wambiri koposa yatsopano. Ngati citsulo cacikuru ca injini cang'ambika moipa, nkwabwino kuleka. Koma kawirikawiri zotha ndi ziwalo zazing'ono zokha. Kodi munthu ataya khasu cifukwa mpini wathyoka? Citsulo cimeneco cinakumbidwa pansi ndi kusungunulidwa ndi thukuta la anthu. Kucitaya cikali colimba ndiko kuononga.

Palinso phindu lina loposa. Injini yakale ndi sukulu. Iribe kompyuta yoilamulira monga injini za masiku ano. Masipanala, maso ndi makutu zikwanira kuimvetsa. Mnyamata kapena mtsikana amene amasula injini yotere ndi kuimanganso aphunzira kupima, kuwerengera ndi kusunga ukhondo, pakuti kamcenga kamodzi kangathe kuononga beling'i latsopano.

Koma cenjerani ndi cinyengo cimodzi. Alipo ena amene ayamba ndi penti, napukuta magalasi, injini ikali kutsokomola. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira imene ifera pa njira usiku iika moyo wa okweramo pa ngozi. Nchito iyambe m'kati, kukongola kudze pambuyo.

Tsono inu ana, mukaona makanika ali kumanga injini yakale, pemphani mwaulemu kuti muonerere. Funsani dzina la ciwalo ciri conse ndi nchito yace. Ndipo masamu anu musawanyoze, pakuti wosadziwa kupima sangathe kudzutsa injini.