Timaenje takuda ndi makina obwerera dzulo

Mu 2008, makina akuluakulu a sayansi otchedwa LHC atayatsidwa ku malo ofufuzira a CERN, pafupi ndi Geneva, ena anagwidwa mantha. Ankati makinawo apanga kadzenje kakuda, malo okoka zinthu mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, ndipo kameza dziko lonse. Mpaka lero sikanapezeke. Ngakhale katapangika, masamu a Stephen Hawking a mu 1974 akusonyeza kuti kangazimiririke pomwepo, poti dzenje likachepa limatentha kwambiri n'kutha msanga.

Nanga makina obwerera dzulo omwe ena amadzitama nawo? Mu 2009 ku Cambridge, Hawking anakonzera phwando alendo ochokera m'tsogolo, n'kulengeza litatha kale. Sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Omvera, wonena kuti ali ndi makina otere ayambe waonetsa umboni musanamukhulupirire.