FLAMES NDI YA DZIKO LONSE, SI YA MATIMU ATATU AI



Nkhani imene tikulemba lero ena adzati ndi yamasewera chabe, yosayenera kulowa m'kalata ya nthambi. Ife tikuti ai. Pamene timu ya mpira ya dziko lino, imene timaicha Flames, ilowa m'bwalo, nyimbo imene imaimbidwa ndi ya pfuko lonse, mbendera imene imakwezedwa ndi ya tonse, ndipo ndalama zimene boma limapereka ku mpira kudzera ku Malawi National Council of Sports ndi za msonkho umene ife tomwe timakhoma pogula shuga ndi mabatire a wailesi pa sitolo ya kwathu. Chotero tiri nao ufulu wofunsa kuti anyamata obvala malaya ofiira aja amasankhidwa bwanji, ndipo amasankhidwa ndi yani.

Tsiku limene maina atuluka pa wailesi, khalani pansi muwerenge nokha. Chotsani anyamata amene akusewera kunja, ku South Africa, ku Mozambique, ku Tanzania ndi kwina. Otsalawo muwaike m'miyulu monga mwa matimu ao. Mudzaona kuti miyulu yaikulu iri pa Bullets, pa Wanderers ndi pa Silver Strikers, ndipo matimu ena onse a mu Super League, amene alipo 16 pamodzi ndi atatuwo, agawana nyenyeswa. Mukafunsanso za akunja aja kuti ananyamukira pati, ambiri mudzapeza kuti anadzera pa makomo atatu omwewo.

Tikudziwa yankho lao, pakuti talimva kuyambira kale. Amati: kodi si matimu omwewa amene amatenga zikho? Kodi Bullets sinatenge ligi kasanu kotsatizana kuyambira 2018 kufikira 2023, Silver nkutenga mu 2024? Kodi si Bullets imene inafika m'magulu a chikho chachikulu cha matimu a mu Africa mu 2004? Zonsezi nzoona, ndipo sitikuzikana. Mnyamata amene wazolowera kusewera pamaso pa chikhamu cha anthu pa bwalo la Kamuzu sanjenjemera msanga, izinso tikubvomera. Koma afunseni kuti matimu amenewa anyamata ao amawatenga kuti. Sawafukula pansi pa Ndirande kapena pa Area 47 pokha ai. Amawagula kwa ife.

Imvani m'mene chinthuchi chimayendera, pakuti apa ndi pamene pagona bvuto lonse. Mwana amayamba ndi mpira wachikulunga pa bwalo la sukulu, wopanda nsapato. Aphunzitsi amuona, amuika m'timu ya sukulu. Akula, alowa timu ya pa boma, imene anthu amachita kusonkherana kuti ipeze galimoto yopitira ku masewera. Timuyo ikachita mwai nkulowa mu Super League, mnyamata uja asewera chaka chathunthu, amwetsa zigoli, anthu a kwao aimba dzina lache, koma mphunzitsi wa Flames ali duu, ngati sanamve. Pakutha pa chaka abwera akuluakulu a mu mzinda ndi chikwama cha ndalama, amutenga. Mwezi usanathe dzina lache lamveka pa wailesi, aitanidwa ku Chiwembe. Kodi miyendo yache yasintha pa ulendo wa basi wa usiku umodzi? Mwendo ndi womwewo, mutu ndi womwewo. Chasintha ndi malaya okha.

Ndipo mnyamata ali yense wa ku Karonga United, ku Chitipa United kapena ku Dedza Dynamos phunziro limeneli analiphunzira bwino lomwe. Adziwa kuti akakhala kwao, Flames adzangoimvera pa wailesi monga ife. Tsono amathawa, ngakhale kumene akupitako akakhale pa benchi miyezi isanu ndi umodzi. Timu yaing'ono siingakane kumgulitsa, chifukwa iribe cholipira anyamata, ndiponso mwini wache mtima unapita kale. Chaka chamawa timu ija yafooka, yayamba kugonja, ndipo anthu a mu mzinda aloza chala nati: taonani, kumeneko kulibe mpira, tikasankheko yani? Adya mbeu yathu, nabwera kudzatiseka kuti m'munda mwathu simumera kanthu.

Taonaninso kumene kuchokera ndalama za matimu atatuwa. Silver Strikers ndi timu ya Reserve Bank, nkhokwe ya chuma cha dziko lonse. Wanderers inakhala zaka zambiri ikuchedwa Limbe Leaf Wanderers, dzina la kampani yogula fodya. Bullets, imene inayamba mu 1967 ndi anyamata opatuka ku Wanderers, inadya za kampani ya nsapato ya Bata, ndipo pambuyo pache inalowa m'manja mwa kampani yopanga ndudu ya Nyasa. Fodyayo amalima ndani? Amene amadzuka mbandakucha kupita ku nazale, amene amasoka ndi kupachika m'zigafa ku Kasungu, ku Mchinji, ku Dowa ndi ku Rumphi, si ife kodi?

Tsopano za osankha. Sitikunena kuti anthu awa ndi akuba, kapena kuti amakhala pansi usiku kupangana zotsekereza ana athu. Tikunena kuti munthu amaona kumene maso ache anazolowera. A Walter Nyamilandu, amene anatsogolera bungwe la FAM kuyambira 2004 kufikira 2023, anali osewera wa Wanderers. A Fleetwood Haiya, amene anawagonjetsa pa chisankho cha December 2023, anayamba ayendetsapo Bullets. A Kinnah Phiri, katswiri amene tonse timamlemekeza, ndi mwana wa Bullets. A Young Chimodzi ndi a Silver. A Patrick Mabedi anakulira ku Bullets. A Kalisto Pasuwa a ku Zimbabwe anapatsidwa nchito ya Flames mu 2025 atatenga ligi kasanu ndi Bullets. Onsewa mpira amaudziwa kuposa ife. Koma maofesi a FAM ali ku Limbe, manyuzipepala akulu ali ku Blantyre, masewera a Maule ndi Manoma amaulutsidwa pa wailesi iri yonse, ndipo mphunzitsi akasiya mnyamata mmodzi wa matimu amenewa, ochemerera ao samgonetsa tulo. Akasiya wa ku Chitipa palibe womuopseza. Kupita ku Karonga kuchokera ku Blantyre ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo nkwapafupi kudikira kuti anyamata a kumeneko abwere okha ku mzinda kawiri kapena katatu pa chaka, atatopa ndi mseu, nkuwaweruza pa mphindi 90 zimenezo.

Ena a inu mudzati, nanga zikutipweteka pati, popeza mpira sitidya? Ukupweteka apa: malaya a Flames ndiwo chitupa chopitira kunja. Azungu ndi eni matimu a ku Joni sabwera kudzaona mpira pa bwalo la pfumbi la kwathu. Amaona anyamata pa chikho cha COSAFA ndi pa masewera a maiko. Mnyamata akapita kunja, ndalama imene amatumiza imafolera nyumba ya makolo ndi malata, imalipirira azing'ono ache sukulu, imagula feteleza. Kumtsekera khomo limeneli ndi kutsekera mudzi wonse.

Umboni wakuti luso liri ponseponse ulipo, ndipo si ife taupanga. Mu 2016 Kamuzu Barracks inatenga ligi matimu atatu aja akuonerera, ndipo chaka chomwecho amene anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse anali Richard Mbulu wa Mafco ya ku Salima, amene pambuyo pache anatumikira Flames ndi kusewera kunja. Koma onani kuti awiriwa ndi matimu a asilikali, amene anyamata ao amalandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi, ndicho chifukwa anatha kuwasunga. Chigoli chija chimene chinatidzutsa tonse pa mpando mu January 2022 ku Cameroon, pamene tinakumana ndi Morocco, anamenya ndi Gabadinho Mhango, wobadwira ku Chiweta ku Rumphi. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene maina ao akumveka ku Ulaya ndi ku America, ndi ana a ku Rumphi komweko. Ngati boma limodzi lokha latulutsa otere, nanga ku Nsanje, ku Neno, ku Ntchisi ndi ku Likoma kwatsala angati amene palibe anapita kukawaona?

Chimene tifuna si chifundo ai, ndipo sitikupempha kuti agawe malo a m'timu monga agawira makuponi, boma liri lonse mmodzi mmodzi. Wosadziwa mpira akhale kunyumba, kaya ndi wa kwathu. Tifuna kuti mphunzitsi wa Flames ndi omthandiza ache aziyenda, aoneke pa bwalo la Karonga, la Mzuzu, la Dedza ndi la Chitowe ku Dwangwa monga aonekera pa bwalo la Kamuzu, ndipo FAM izinena poyera masewera amene iwo anakaonera maina asanatuluke. Tifunanso kuti pa chikho cha COSAFA, pamene kugonja sikutitayitsa zambiri, khomo litsegukire anyamata a matimu ang'onoang'ono, pakuti mantha a chikhamu munthu amawatha posewera pamaso pa chikhamu.

Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mabungwe a mpira a m'zigawo ali ndi mavoti pa chisankho cha FAM, ndipo pansi pao pali makomiti a mpira a m'maboma, amene anthu ache timakumana nao pa msika ndi pa maliro. Mlembi wa nthambi iri yonse alembe kalata kwa komiti ya mpira ya boma lache, afunse kuti mphunzitsi wa Flames kapena mthenga wache anafikako liti komaliza. Mayankho onse abwere nao pa msonkhano wa mwezi wamawa, tidzawawerenge pamaso pa onse tisanawatumize ku Chiwembe.