Madzi a m'nyanja zamchere ndiwo amagawa mvula

Amalawi amene anakhalako ku Durban amaudziwa mzindawu: kutentha kwa chinyezi, minda ya nzimbe, anthu akusambira m'nyanja ngakhale mwezi wa Julaye. Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka. Kugombe la kumadzulo kwa South Africa yemweyo kuli tauni ya Port Nolloth, yomwe yatalikira equator mofanana ndi Durban. Kumeneko mvula siikwana ndi mamilimita 100 omwe, ndipo kuli mchenga wokhawokha.

Dzuwa ndi lomwelo. Chasiyanitsa malo awiriwa ndi madzi odutsa pagombe.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu sakhala malo amodzi. Amayenda ngati mitsinje, akukankhidwa ndi mphepo komanso kuzungulira kwa dziko. Kummawa kuli mtsinje wa Agulhas, umene umatenga madzi ofunda a m'nyanja ya Indian n'kutsetsereka nawo kummwera, pena pa liwiro la mamita 2 pa sekondi. Madzi ofunda amatulutsa nthunzi yambiri, ndipo mphepo ikaiuluzira kumtunda imasanduka mitambo ya mvula.

Kumadzulo kuli mtsinje wa Benguela, wolowera kumpoto m'mbali mwa South Africa ndi Namibia mpaka ku Angola. Kuno mphepo imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndiye ozizira a pansi pa nyanja amakwera kudzalowa m'malo mwake. Mpweya wokhudzana ndi madziwa umazizira n'kulemera, osathanso kukwera kumwamba kukapanga mitambo. Chimene chimabwera ndi nkhungu ya m'mawa basi. Umu ndi momwe chipululu cha Namib chakhalira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo ku Walvis Bay chaka chimatha mvula itangowaza. Kachikumbu kena ka m'chipululumo kamakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, n'kuweramitsa mutu kuti madontho a nkhungu atsetserekere kukamwa kwake.

Madzi ozizirawa ali ndi mphatso yake. Amakwera ndi chakudya cha pansi pa nyanja, nsomba n'kuchuluka, ndipo usodzi ndi umodzi mwa mizati ya chuma cha Namibia.

Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, komabe nkhaniyi ndi yake. Chiperoni chimene chimawaza ku Mulanje ndi ku Thyolo m'miyezi yozizira, n'kusunga tiyi wobiriwira pamene kwina udzu wauma, ndi chinyezi chochokera ku nyanja ya Indian. Madzi ofunda omwewo ndiwo amadyetsa anamondwe. Namondwe amafuna madzi otentha madigiri 26 kapena kuposa, ndipo pakati pa Mozambique ndi Madagascar amawapeza m'dzinja monse. Namondwe Idai anagumula mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Freddy, mu Malichi 2023, anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'Malawi muno. Gombe la Namibia, ndi madzi ake ozizira, silidziwa zoterezi.

Ngakhale nyanja yakutali ya Pacific imafika m'nkhokwe zathu. Madzi ake atatentha mopitirira muyezo, zimene amazitcha El Niño, chimanga chinauma m'minda, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

N'chifukwa chake a nthambi yoona zanyengo, polosera za mvula dzinja lisanayambe, amayang'ana kaye kutentha kwa madzi a Indian ndi Pacific. Ulosi umenewu suyenera kuthera pa wailesi ndi m'maofesi. Uyenera kufika kwa mlangizi wa zaulimi ndi kwa mfumu m'mudzi nthawi ikadalipo, mlimi wa ku Nsanje asanasankhe pakati pa chimanga ndi mapira, ndiponso banja lokhala m'munsi mwa phiri la Soche lisanagone usiku wa mvula yamphamvu.